"Ingochonga kabokosi koyambako"

Msuweni wanga anandiimbira pa WhatsApp nthawi ya 3 koloko m'bandakucha. Kwawo ku Indiana inali 9 koloko usiku, mwana atangogona. Moni sanapereke. Anangoti, "Iwe, andikana."

Ine ndi tulo tanga ndinayesa akunena za ntchito. Ayi ndithu, ankanena za green card. Munthu woti ali pa banja ndi nzika ya America, ukwati wa ku tchalitchi, wa zaka zitatu, mwana mmodzi wobadwira konko, akaunti ya ku banki imodzi, lenti amalipira limodzi. Ofesala wa USCIS amene anawafunsa mafunso sanaukayikire ukwatiwo ngakhale pang'ono. Fomu ya mwamunayo, I-130, yonena kuti uyu ndi mkazi wangadi, anaivomereza. Imene anaikana ndi ya msuweni wanga, I-485, yopempha kukhazikika m'dzikomo. Chifukwa chake ndi kabokosi kamodzi kamene anachonga zaka 6 zapitazo, mwamunayo asanamudziwe n'komwe.

Ndalemba izi iye atavomera, bola ndisatchule dzina lake. Ndalembanso nditakwiya, ndiye ulemu wambiri musauyembekezere.

Anapita pa viza ya sukulu. Chaka choyamba amalume ena ankathandiza fizi. Kenako bizinesi yawo inagwa, ndalama zinasiya kubwera, sukulu inamuchotsa m'kaundula. Abwerere kumudzi chimanjamanja, azakhali atagulitsa puloti kuti apeze ya ndege? Inu mukanabwerera? Anakafuna ntchito kumalo osamalira okalamba, kumene Amalawi ambiri kumeneko amayambira: kusambitsa agogo a eni, kuwatembenuza pabedi, kuwadyetsa. Tsiku loyamba anamupatsa mulu wa mapepala. Pakati pake panali Form I-9.

Fomu imeneyi inabwera ndi lamulo la mu 1986, ndipo aliyense wolembedwa ntchito ku America amayenera kuidzaza, kaya ndi nzika kaya ndi mlendo. Pali timabokosi tinayi toti usankhe kamodzi, ulumbire kuti ndiwe ndani. Koyamba kamati ndine nzika ya United States. Kachiwiri ndi ka anthu ochepa obadwira m'malo ngati American Samoa. Kachitatu ndi ka amene ali ndi green card. Kachinayi ndi ka mlendo amene ali ndi chilolezo chogwira ntchito. Kachitatu ndi kachinayi timafuna nambala ya ku immigration, imene msuweni wanga analibe. Koyamba sikafuna nambala ya mtundu umenewo.

Anatuluka panja n'kuimbira "anti" ena a kwathu konkuno, amene anapita ku America dziko lathu likadali la chipani chimodzi, amene aliyense wongofika kumene amayamba wagona pa sofa yawo.

"Anti, pali timabokosi tinayi apa. Ndichonge kati?"

"Mwanawe, ingochonga koyambako. Tonse tinatero. Ukadzakwatiwa zonse zidzakonzeka."

Amati safunsa anadya phula. Msuweni wanga anafunsa, ndipo phulalo anachita kum'patsa ndi munthu amene anamufunsayo.

Tiyeni tione chimene anti aja sankadziwa, kapena sanafune kudziwa. Pa 30 September 1996, Pulezidenti Bill Clinton anasainira lamulo lotchedwa Illegal Immigration Reform and Immigrant Responsibility Act. Lamuloli linawonjezera kandime kakafupi m'lamulo lalikulu loona za alendo, Immigration and Nationality Act, pa gawo 212(a)(6)(C)(ii). Kandimeko kamati mlendo amene wanama kuti ndi nzika ya America pofuna phindu lililonse pansi pa malamulo a boma lalikulu kapena a state iliyonse, saloledwa kulowa kapena kukhazikika m'dzikomo. Sikanena kuti kwa zaka zitatu kapena khumi. Tsiku lothera palibe. Ndipo kwa munthu wofuna green card kudzera mu ukwati, fomu yopepesera palibenso.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa ukwati ndi nzika umakonzadi zinthu zambiri. Ngati unalowa m'dzikomo ndi viza yeniyeni koma unapitirira masiku ako, ngakhale ndi zaka, ukakwatirana ndi nzika zimenezo sizikulepheretsa kupeza green card. Ngati unagwira ntchito popanda chilolezo, nazonso amazinyalanyaza kwa mkazi kapena mwamuna wa nzika. Ngati unanama ku embassy pofuna viza, mwachitsanzo unati uli pa banja usali pa banja, mlandu ulipo, koma pali chikhululuko chimene iwo amachitcha waiver: umadzaza Form I-601, n'kusonyeza kuti mwamuna kapena mkazi wako adzavutika koopsa ukachotsedwa. Ngati unakhala popanda mapepala kwa chaka kapena kupitirira n'kutuluka m'dzikomo, amakutsekera kunja zaka khumi, koma zaka khumi zimatha, ndipo pamenepanso waiver ilipo. Ngakhale munthu amene khothi linamupeza wolakwa pa mlandu wakuba ali ndi khomo loti agogode, gawo 212(h).

Wochonga kabokosi koyamba alibe khomo lotere. Tamvani bwino: wakuba m'sitolo akhoza kupepesa n'kumveredwa, koma mtsikana amene anachonga kabokosi kuti akasambitse nkhalamba usiku wonse, ayi.

Tsono anti aja anati "tonse tinatero", ndipo mwina sankanama. Koma anatero liti? Lamuloli limagwira mabodza onenedwa kuyambira pa 30 September 1996 kupita m'tsogolo. Amene ananama kale tsikuli lisanafike sakhudzidwa ndi kandime kameneka. Chinanso, mpaka mu 2009 kabokosi koyamba pa I-9 kankaphatikiza mawu awiri, citizen ndi national, ndipo maloya ankapezerapo mpata wonena kuti kasitomala wawo sanatanthauze unzika. Mu 2009 fomuyo inasinthidwa, mawu awiriwo anawalekanitsa, mpata uja unatsekeka. Anti anapereka malangizo a mtsinje umene anawoloka m'chilimwe kwa mwana amene ankawoloka m'dzinja, madzi atadzaza.

Ena amati, "Aaa, fomu imeneyo sipita ku boma, imangokhala mu fayilo ya abwana." N'zoona, imakhala kwa abwana. Koma pofunsira green card umalemba malo amene unagwirako ntchito, ndipo pa I-485 pali funso lachindunji lofunsa ngati unanenapo kuti ndiwe nzika ya America, polemba kapena mwanjira ina iliyonse. Ofesala akaona kuti unagwira ntchito zaka zimene unalibe chilolezo, funso lotsatira amalidziwa kale: unalowa bwanji ntchito imeneyo, unachonga chiyani? Akhoza kukuuza kuti ubweretse kope la fomuyo. Ndipo si boma limene liyenera kutsimikiza kuti unanama. Iwe wopemphawe ndi amene uyenera kusonyeza, mosasiya chikayiko, kuti ndiwe woyera.

Izi sizinayambe ndi msuweni wanga. Mu 2014 bungwe lomva maapilo a milandu ya alendo, Board of Immigration Appeals, linagamula mlandu wa mnyamata wina wa ku Kenya. Nkhani yake ikufanana ndi yathuyi ngati mapasa: analowa ngati mwana wa sukulu, anakwatira nzika, anapempha green card, ndiye panatulukira mafomu a I-9. Bungwelo linati fomu imeneyi ndi umboni wovomerezeka pa milandu yotere, ndipo mnyamatayo analuza. Mu 2019 bungwe lomwelo linawonjezera mchere pachilonda. Linati malinga ndi mmene lamulo linalembedwera, sipafunika kuti munthu akhale kuti ankadziwa kuti akunama. Ukhoza kunena ndi mtima woyera, ukuganiza kuti ndiwedi nzika, n'kugwidwabe.

Palinso mayi wina wa ku Peru, wokwatiwa ndi nzika, amene green card anali nayo kale m'manja. Anapita kukatenga laisensi yoyendetsera galimoto ku Illinois. Kumeneko, malinga ndi lamulo la mu 1993, maofesi a malaisensi amaperekanso mwayi wolembetsa m'kaundula wa zisankho. Analembetsa, pa fomu pali kabokosi ka unzika kochongedwa, ndipo mu 2006 anavota. Atapempha unzika anaulula yekha kuti anavotapo. Mu 2017 khothi la apilo la ku Chicago linagwirizana ndi chigamulo choti achotsedwe m'dzikomo. Kuvota ndi mlandu wapawokha, koma polowera pake ndi pomwepa: funso lakuti kodi ndiwe nzika, ndi dzanja limene likufulumira kusaina.

Timipata tilipo, koma n'tating'ono ngati pa diso la singano. Lamulo la mu 2000 limakhululukira munthu amene makolo ake onse awiri ndi nzika, amene anakhazikika ku America asanakwanitse zaka 16, ndipo anali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti naye ndi nzika. Ndi angati a ife amene tingakwane pamenepo? Palinso kubweza mawu msangamsanga: ukanama n'kudzikonza wekha nthawi yomweyo, asanakugwire, saliwerengera bodzalo. Zaka 6 si nthawi yomweyo. Kotsala ndi kupempha woweruza wa milandu ya alendo kuti aimitse kuchotsedwa kwako. Pamenepo uyenera kukhala utakhala m'dzikomo zaka khumi mosadukiza, wa khalidwe labwino, n'kusonyeza kuti mkazi, mwamuna, kholo kapena mwana wako amene ndi nzika kapena ali ndi green card adzavutika mwa njira yachilendo kwambiri, yoposa kuvutika kwa banja lililonse lolekanitsidwa. Ndipo m'dziko lonselo amaloleza anthu 4,000 okha pachaka. Kuti upemphe zimenezi uyenera kukhala kale pa mlandu woti uchotsedwe. Ndiye kuti mankhwala ake amaperekera m'kamwa mwa ng'ona.

Ndikudziwa kuti wina akuwerenga izi akuti: wabodza ndi wabodza, dziko lililonse lili ndi ufulu woteteza unzika wake. Sindikukana. Msuweni wanga ananama, iyenso sakana. Ife tomwe kuno timapsa mtima tikamva kuti mlendo wapezeka ndi pasipoti ya Malawi kapena chiphaso cha unzika mwachinyengo. Mu October 2020 khothi linapeza a Uladi Mussa olakwa pa nkhani ya unzika ndi mapasipoti operekedwa kwa alendo mosatsata malamulo pamene anali nduna ya za m'dziko, ndipo anthu ambiri anaombera m'manja. Unzika si masewera.

Koma a Mussa, amene anali nduna yathunthu, anatuluka m'ndende mu April 2023 atakhululukidwa. Chilango chawo chinali ndi mathero. Ku America komweko, lamulo la milandu ya upandu limati wonama kuti ndi nzika akhoza kumangidwa zaka zosapitirira zitatu. Ndiye kuti aphungu a Congress atakhala pansi n'kuyeza kulemera kwa bodza limeneli, anapeza zaka zitatu. Nanga bwanji ku mbali ya immigration bodza lomwelo likulemera moyo wonse? Chilango chabwino chimayang'ana amene walakwa, chifukwa chake, ndi zimene wachita kuchokera pamenepo. Ichi sichiyang'ana chilichonse. Wonama kuti akavote kangapo ndi wonama kuti apeze ya lenti amawaika m'thumba limodzi. Ofesala ngakhale atamva chisoni, lamulo silimupatsa mphamvu yokhululuka. Msuweni wanga akuti mayi amene ankamufunsa mafunso uja anakhala chete kanthawi atamva yankho lake, kenako anati pepani.

Ndiponso chilangochi sichigwera wonama yekha. Mlamu wanga uja sananame kwa aliyense. Anabadwira ku Indiana, msonkho amakhoma, ali ndi mwana wina wa banja loyamba amene amasinthana ndi mayi ake sabata ndi sabata, ndiye sangangonyamuka kudzakhala ku Lilongwe. Lamulo la dziko lake lomwe likumuuza kuti asankhe pakati pa mkazi wake ndi mwana wake woyamba. Ndipo asaganize zothamangira ku khothi lalikulu. Mu June 2024, pa mlandu wa Department of State v. Muñoz, Supreme Court inagamula, oweruza 6 kwa 3, kuti nzika ilibe ufulu wa m'malamulo aakulu woti mkazi kapena mwamuna wake aloledwe kulowa m'dzikomo. Dziko limene andale ake satopa kulalikira za kufunika kwa banja ndi lomweli. Lamulo limeneli ndi lankhanza, ndipo kulikonza sikufuna zambiri: kungolola waiver yomwe ija imene wonama ku embassy amapatsidwa, kuti pakhale munthu woti amve nkhani yonse n'kuweruza.

Koma Congress siwerenga Chichewa. Amene mungawerenge izi ndi inu, ndiye mkwiyo wotsalawu ndi wanu.

Ndikunena inu a "tonse tinatero". Inu akadaulo a pa gulu la WhatsApp, amene simunatsegulepo tsamba limodzi la lamulo koma yankho mumakhala nalo pa funso lililonse. Mwana wa eni wangofika, sadziwa kumene kuli kum'mawa, akukuyang'anani ngati makolo, inu m'malo monena kuti "izi sindikuzidziwa, tiye tikafunse loya", mukumuuza molimba mtima chinthu chimene chidzamutsekere khomo moyo wake wonse. Bwanji? Chifukwa kunena kuti sindikudziwa n'kochititsa manyazi kwa munthu amene wakhala kunja zaka 30? Ulemu wanu wa mphindi imodzi mwaugula ndi tsogolo la mwana wa mnzanu.

Choipa kwambiri n'chakuti zikavuta, mumakhala chete. Anti aja atamva, akuti anangoti, "Zimachitika, tizingopemphera." Palibe amene amalemba pa gulu kuti abale, malangizo aja anali olakwika, wina asadzachitenso. Pa Facebook timaona zithunzi za chipale ndi za magalimoto. Kalata yokanidwa palibe amene amaijambula. Ndiye wobwera m'mbuyo amagwera m'dzenje lomwelo, poti amene anagweramo kale analikwirira ndi masamba kuti asasekedwe. Munthu akamwalira kunja timasonkha madola masauzande kuti thupi libwerere kumudzi, ndipo ndi bwino kutero. Koma kusonkha kuti wamoyo akakhale ndi loya weniweni wa za immigration kwa ola limodzi asanasaine chilichonse, zimenezo sitinaziganizepo.

Enanso pa gulu lomwelo akumunena msuweni wanga kuti ndi wopusa. Akuti akanangokana pa intavyu, ndani akanadziwa? Amenewa ndi anti omwe aja atavala chitenje china. Fomu ija umasaina molumbira. Bodza lachiwiri silifufuta loyamba, limangowonjezera mlandu. Green card yopezeka mwa bodza ikhoza kulandidwa, ndipo mafunso onga omwewo amabweranso pofunsira unzika. Ngakhale unzikawo ukhoza kuchotsedwa zikadziwika kuti maziko ake anali abodza. Mukufuna akhale zaka 40 akunjenjemera envelopu iliyonse ikafika?

Ndisadzipatule. Chaka chimene msuweni wanga anachonga kabokosi kaja, ine ndinali ku koleji, ndipo ndinkamutumizira mauthenga sabata iliyonse: laputopu yanga yafa, tandiganizireko. Anatumiza. Sindinamufunse kuti ntchito waipeza bwanji munthu wopanda chilolezo. Sindinafune kudziwa. Ife a kuno timafuna ndalama ifike, za mmene yapezekera timati ndi za eni ake. Azakhali ankafuna malata, ine laputopu, wina fizi. Dzanja limene linachonga linali lake, koma tinalikankha tinali ambiri.

Ndiye kwa inu amene mukulota za ulendo, ndipo ndikudziwa kuti ndinu ambiri ngakhale kuti mu August 2025 Mmalawi kapena Mzambia wofuna viza yokacheza anayamba kuuzidwa kuti apereke chikole cha madola mpaka 15,000, mverani izi. Funso la unzika limabisala m'malo ambiri: pa fomu ya ntchito, ku ofesi ya malaisensi, pa fomu ya ngongole ya boma ya sukulu, pakamwa pa wapolisi kapena ofesala wa pa chipata. Paliponse pamene lapezeka, ngati si inu nzika, musavomere. Musalole munthu wina kukudzazirani fomu inu n'kungosaina. Sindikuti chongani bodza lina m'malo mwake. Ndikuti pa mabodza onse amene njala ingakunong'onezeni, ili ndi limene ukwati, mwana, kapena zaka sizidzakuchotserani.

Ngati munachonga kale, musathamangire kutumiza mafomu a green card chifukwa choti mwapeza banja. Kaonaneni kaye ndi loya weniweni, osati m'bale amene "amadziwa za mapepala", ndipo mukamuuze zonse, tsiku lake ndi fomu yake, poti pa nkhani iyi chaka ndi mawu enieni a pa fomu zimasintha zinthu. Muuzeninso amene mukufuna kukwatirana nayeyo ukwati usanachitike. Mlamu wanga anazimvera mu ofesi ya boma, pamaso pa ofesala. Akuti m'galimoto pobwerera sanayankhule mpaka kunyumba. Sanakwiye chifukwa cha kabokosiko. Anakwiya kuti zaka zitatu zonse sanauzidwe. Msuweni wanga sankabisa dala, iye ankayesa ndi nkhani yaing'ono imene ukwati unakonza kale, monga anti ananenera.

Pano akudikira. Chilolezo chogwirira ntchito chimene anapatsidwa podikira yankho chinathera pomwepo. Kalata yomuitanira kwa woweruza ikhoza kubwera tsiku lililonse. Akatuluka m'dzikomo yekha, njira yodzakhalanso ndi banja lake kumeneko ndiye kuti yatsekeka. Sofa ya anti ija ikadalipo, ndipo ndamva kuti mwezi wathawu pagona mtsikana wina wongofika kumene. Ngati mukumudziwa, kapena mukudziwa wina wonga iye, mutumizireni izi asanapite kukasaka ntchito.

Dzulo ndinapita kukaona azakhali. Malata aja ali padenga, akuwala bwinobwino. Anandifunsa kuti, "Kodi mnzakoyu abwera liti kudzationetsa mwana? Paja anati mapepala atuluka chaka chino."

Ndinawayankha kuti posachedwa, azakhali. Nanenso ndinanama.